Mmene mungapezere kontrakiti ya khonsolo ku Zomba, ngakhale akuuzeni kuti "ndi chinsinsi cha kampani"

Anthu ambiri amene amapita ku khonsolo kukafunsa za kontrakiti amabwerako chimanjamanja. Funso lawo limakhala labwino ndithu: ngalande ya m'dera lathu anapatsa ndani, pa ndalama zingati, ndipo amayenera kumaliza liti? Koma amafunsa pakamwa, amafunsa munthu wolakwika, ndipo akangomva kuti "zimenezo ndi za pakati pa khonsolo ndi kampani, sitingaulule," amaweramitsa mutu n'kumapita. Yankho limeneli limafooketsa chifukwa limamveka ngati lamulo.

Chinsinsi cha malonda chilipodi, ndipo lamulo limachiteteza. Koma chimakhudza kachigawo kochepa ka kontrakiti, osati chikalata chonse. Dzina la kampani, ntchito imene inapatsidwa, ndalama zimene ikulandira ndi tsiku lomaliza, zonsezi n'zanu, chifukwa ndalamazo zikuchokera ku ziphaso za mumsika, ku misonkho ya nyumba ndi malo, ndi ku thumba la boma limene tonse timasonkhamo. Malangizo awa ndi othandiza kuti mufike pa chikalatacho osasochera.

Zofunika kukhala nazo musananyamuke

Kope lolembamo ndi cholembera, loti muzilembamo tsiku lililonse limene mwapita ku ofesi, amene mwalankhula naye ndi zimene wanena.
Kalata ya pempho lanu, makope awiri ofanana.
Chiphaso cha unzika.
Foni yokhala ndi kamera, yojambulira chikwangwani cha ntchito, ntchitoyo payokha, ndi kalata yanu ikadindidwa.
Ndalama pang'ono za fotokope.
Envelopu yaikulu kapena pepala la pulasitiki losungiramo zonse pamodzi, makamaka nyengo ya mvula.
Mnzanu mmodzi woti akhale mboni. Ngati amadziwa bwino Chingerezi kapena za zomangamanga ndiye zili bwino kwambiri, poti makontrakiti amalembedwa m'Chingerezi.

Muyeneranso kudziwa malamulo awiri amene mudzaimirepo. Loyamba ndi gawo 37 la Malamulo Aakulu a dziko lino, lomwe limapatsa munthu aliyense ufulu wopeza nkhani zimene boma kapena nthambi zake zikusunga, ngati nkhanizo zikufunika kuti agwiritse ntchito ufulu wake. Lachiwiri ndi lamulo la Access to Information, lomwe ambiri amangoti ATI. Aphungu analivomereza mu December 2016 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Amene amayang'anira kuti likutsatidwa ndi bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, MHRC.

1. Dziwani mwini wake wa kontrakiti

Ku Zomba kuli makhonsolo awiri, ndipo apa ndi pamene anthu amayambira kusochera. Khonsolo ya mzinda ndi imene imayang'anira madera monga Chinamwali, Sadzi, Chikanda, Matawale ndi Mpondabwino. Mkulu woyendetsa ntchito zake ndi Chief Executive Officer, ndipo makhansala amatsogoleredwa ndi meya. Khonsolo ya boma la Zomba ndiyo ya ku Jali, Thondwe, Songani, Mayaka, Chingale, Kachulu ndi madera ena a kunja kwa mzinda, ndipo ntchito zake amayendetsa ndi a DC.

Komanso si ntchito iliyonse yochitikira mu Zomba imene ndi ya khonsolo. Msewu waukulu wa M3 uli m'manja mwa Roads Authority. Mapaipi a madzi a mumzinda ndi a Southern Region Water Board. Nyumba zina za sukulu ndi zipatala kontrakiti yake imaperekedwa ndi unduna ku Lilongwe, khonsolo n'kumangoonerera ngati inu nomwe.

Njira yachidule ndi kupita pamalo pa ntchitopo n'kujambula chikwangwani. Nthawi zambiri pamalembedwa mwini ntchito, amene akupereka ndalama, dzina la kontrakitala, nthawi ya ntchito, mwinanso nambala ya kontrakiti. Nambala imeneyo ndi yamtengo wapatali, ilembeni bwinobwino osaphonya chilembo. Ngati palibe chikwangwani, monga zimakhalira ndi ntchito za alonda, zotola zinyalala kapena zosamalira zimbudzi zolipiritsa, funsani khansala wa dera lanu, a komiti ya chitukuko ya wodi, kapena a makomiti a chitukuko a kumudzi, ADC ndi VDC.

Chenjezo: funsaninso kuti ndalama zikuchokera ku thumba liti. Za thumba la chitukuko cha dera la phungu (CDF), za thumba la chitukuko cha m'maboma (DDF), za pulojekiti ya GESD yothandizidwa ndi World Bank ndi zimene khonsolo imatolera yokha zili ndi mafayilo osiyana. Mukatchula thumba lake m'kalata, mwamuchepetsera ntchito amene akukafufuza, ndipo mwatseka mpata woti akuuzeni kuti sanamve zimene mukufuna.

2. Onani ngati ntchito yosankha kampani inatha

Pali nthawi imene chinsinsi chimakhala cholondola, ndipo ine ndimagwirizana nacho. Makampani akapereka ma tenda awo, kutanthauza zikalata zopikisanira ntchitoyo, amatsegulidwa poyera, mayina ndi mitengo n'kuwerengedwa. Kuchoka apo komiti imakhala pansi kuunika, ndipo zokambirana za nthawi imeneyo sizitulutsidwa, kuti pasapezeke wina wonong'oneza mnzake kapena wogula oweruza. Malamulo a kagulidwe ka zinthu m'boma, amene amayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA, amafuna choncho. Mukapempha lipoti la kuunika ma tenda ntchitoyo ili mkati, adzakukanizani, ndipo adzakhala kuti sanalakwe.

Kontrakiti ikasainidwa, nkhani imasintha. Mpikisano watha, wopambana wadziwika, ndalama za anthu zayamba kutuluka. Apa mawu oti "chinsinsi" amakhala atatha mphamvu kwambiri. Choncho musanalembe kalata, dziwani kuti zinthu zili pati. Onani bolodi la zidziwitso ku khonsolo, onaninso m'nyuzipepala, momwe maofesi a boma amalengeza ma tenda ndi makampani amene akufuna kuwapatsa ntchito zikuluzikulu. Mukapeza chilengezocho, chijambuleni kapena chiduleni. Chinthu chimene analengeza okha m'nyuzipepala sangadzachitchenso chinsinsi.

3. Lembani mndandanda wa zikalata, osati wa madandaulo

Kalata yoti "tikufuna kudziwa zonse zokhudza ndalama za msika" siyankhidwa, ndipo ngakhale wogwira ntchito wamtima wabwino sangadziwe poyambira. Lamulo limakupatsani zolembedwa zimene zilipo kale, silikakamiza ofesala kukulemberani nkhani yatsopano. Tchulani zikalata chimodzichimodzi, ndi mayina a Chingerezi amene ali pa fayilo, ngakhale kalata yonse ili m'Chichewa.

Pa ntchito yomanga, pemphani izi: kontrakiti yosainidwa ndi mbali zonse ziwiri, kalata yopatsa kampani ntchito, letter of award, mndandanda wa zipangizo ndi miyezo, womwe amisiri amauti BOQ, kusintha kulikonse kumene kunachitika pambuyo, komwe amati variation kapena addendum, zikalata zolipirira, payment certificates, ndi chikalata chosonyeza kuti ntchito inatha n'kulandiridwa.

Pa ntchito zimene kampani imagwira mwezi ndi mwezi m'malo mwa khonsolo, monga ulonda, kusesa, kutola zinyalala kapena kutolera ndalama, pemphani kontrakiti, chikalata chofotokoza ntchito yeniyeni imene kampani iyenera kugwira, ndi mndandanda wa malipiro a miyezi imene mukufuna. Ngati kampaniyo imatolera ndalama kwa anthu, funsani ndime imene ikunena kuti kampani imatsala ndi zingati ndipo ku khonsolo kumapita zingati.

Chenjezo: musaiwale ma variation. Kontrakiti yoyamba ikhoza kuoneka yaukhondo, mtengo wake wabwino, koma ndalama zambiri n'kudzawonjezeredwa pambuyo, kapena ntchito n'kuchepetsedwa mtengo uli womwewo. Wopempha kontrakiti yokha amaona theka la nkhani.

4. Lembani kalata imene yayankhiratu nkhani ya chinsinsi

Pali fomu yopemphera nkhani imene inabwera ndi malamulo othandizira ATI a 2021. Ifunseni ku ofesi. Ikapezeka, ilembeni n'kuphatikizapo kalata yanu. Ikapanda kupezeka, kalata yokha ipite. Amene sadziwa kulemba ali ndi ufulu wopempha pakamwa, ndipo ofesala ayenera kumulembera pempholo. Akalemba, akuwerengereni ndipo mutenge kope lanu.

Kalatayo ipite kwa ofesala woona za kupereka nkhani, Information Officer, yemwe lamulo limati bungwe lililonse la boma likhale naye. Kope lina lipite kwa Chief Executive Officer kapena kwa a DC. Thunthu lake likhoza kukhala motere:

"Ine ndine wokhala m'dera la … ndipo ndikupempha, potsatira gawo 37 la Malamulo Aakulu ndi lamulo la Access to Information, makope a zikalata izi zokhudza ntchito yomanga ngalande ya pa …, kontrakiti nambala …: 1. … 2. … 3. … Ndikufuna zikalatazi kuti ndidziwe mmene ndalama za chitukuko cha dera lathu zagwirira ntchito, molingana ndi ufulu wanga wa chitukuko womwe uli m'gawo 30 la Malamulo Aakulu. Ngati mukuona kuti mbali ina ya zikalatazi ndi chinsinsi cha malonda cha kampani, chonde phimbani mbali yokhayo, mundipatse zotsalazo, ndipo mundiuze molemba gawo la lamulo limene mwagwiritsa ntchito pophimba. Ndili wokonzeka kulipira mtengo wa fotokope. Ngati zikalatazi sizili m'manja mwanu, nditumizireni pempholi ku ofesi yoyenera ndipo mundidziwitse."

Chiganizo chonena za kuphimba chija ndicho mtima wa kalata yonse. Lamulo la ATI limati ngati mbali ina ya chikalata ndi yoletsedwa kutulutsa, zotsalazo ziperekedwe. Mukachilemberatu, mwachotsa njira yapafupi yokanira chikalata chonse chifukwa cha masamba awiri.

Chenjezo: musalembemo mawu oti akuba, katangale kapena mayina a anthu amene mukuwakayikira. Kalata yaukali imathamangitsidwira kwa maloya kapena imagonekedwa m'kabati, ndipo imapangitsa ofesala kudziteteza m'malo mokuthandizani. Ambiri mwa ogwira ntchito m'makhonsolo ndi anthu amene timapemphera nawo limodzi ndi kugula nawo matemba mumsika womwewo. Ena mwa iwo amafunitsitsa kuti zinthu zizioneka poyera. Lembani mwaulemu, mwachidule, koma mosapita m'mbali.

5. Kaperekeni, ndipo musachoke popanda chidindo

Pitani m'mawa, pakati pa sabata. Perekani kalata ku registry kapena kwa mlembi, ndipo pemphani kuti adinde kope lanu, alembepo tsiku, asainire. Mukhoza kunena kuti, "Zikomo amayi, ndabweretsa kalata ya a Information Officer. Mungandidindireko kope langali kuti ndikhale ndi umboni woti yafika?" Akadinda, jambulani kopelo ndi foni nthawi yomweyo n'kutumizira mnzanu pa WhatsApp, kuti likatayika chithunzi chikhalepo.

Akakana kudinda, lembani m'kope lanu tsiku, nthawi ndi udindo wa amene walandira, mnzanu uja asainire ngati mboni, kenaka tumizani kalata yomweyo kudzera ku positi ofesi mwa njira yolembetsa, musunge lisiti.

Kupempha nkhani n'kwaulere. Chimene angakulipiritseni ndi mtengo wokopera zikalata basi, ndipo mulandire lisiti la khonsolo. Wina akanena za "kenakake" kuti fayilo ipezeke msanga, kanani mwaulemu. Mukapereka, mwalowa nawo mlandu, ndipo chikalata chopezeka mwamseri simungachitulutse pamsonkhano molimba mtima.

6. Werengani masiku

Lamulo limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti ikuyankheni. Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi sawerengedwa, choncho ndi pafupifupi masabata atatu. Maola 48 amene mwina munamvapo ndi a nkhani zokhudza moyo kapena ufulu wa munthu amene ali pachiopsezo, osati kontrakiti ya ngalande.

Dziwaninso kuti popeza chikalatacho chikukhudza kampani, khonsolo ikhoza kuilembera kaye kampaniyo kuti inene maganizo ake. Zimenezi n'zololedwa. Koma kampani siili ndi mawu omaliza. Imangopereka zifukwa zake, ndipo wogamula ndi ofesi imene ikusunga chikalatacho, potsatira lamulo. Masiku akakwana popanda yankho, lembani kalata yachidule yokumbutsa, mutchule tsiku la pa chidindo chija. Kukhala chete kwa ofesi kutengeni ngati kukana, ndipo pitani pa sitepe 8.

7. Akati "ndi chinsinsi cha malonda," chitani izi

Apa ndi pamene pagona nkhani, choncho tidekhepo.

Choyamba, pemphani kuti yankholo alembe. Gawo 43 la Malamulo Aakulu limakupatsani ufulu wolandira zifukwa zolembedwa pamene ofesi ya boma yachita chinthu chokhudza ufulu wanu, ndipo lamulo la ATI nalo limafuna kuti kukana kukhale ndi zifukwa. Kukana kwa pakamwa simungakutengere kulikonse. Nthawi zina munthu amene amakana mosavuta pakhomo amaganiza kawiri akauzidwa kuti asainire kukanako.

Chachiwiri, siyanitsani zimene zingakhaledi chinsinsi ndi zimene sizingakhale. Mayi wogulitsa thobwa pa depoti sangakuuzeni kaphikidwe kake, ndipo palibe amene angamudzudzule. Koma mtengo wa botolo ndi kukula kwake sangabise kwa munthu amene akulipira. Kampani nayo ili ndi zake zoyenera kutetezedwa: nambala za ku banki, mmene inawerengera phindu lake mkati mwa mtengo, kumene imagula zipangizo motsika, luso lapadera limene opikisana nayo angabe, malipiro ndi mbiri za antchito ake mmodzimmodzi. Izi zikaphimbidwa, musalimbane nazo. Simukuzifuna n'komwe.

Koma izi si chinsinsi: dzina la kampani, ndalama zonse za kontrakiti, ntchito imene iyenera kugwiridwa ndi muyezo wake, tsiku loyamba ndi lomaliza, chilango cha kuchedwa, ndalama zimene zalipiridwa kale, ndi kusintha kumene kunachitika. Popanda izi palibe munthu amene angadziwe ngati walandira chimene analipira. Lamulo la ATI limafika mpaka polamula mabungwe a boma kuti nkhani zina azifalitsa okha osadikira kufunsidwa, ndipo makontrakiti ali m'gulu limenelo.

Pali malo amodzi pamene mkangano umakhala weniweni: mitengo ya chinthu chimodzichimodzi mu BOQ, monga mtengo wa thumba la simenti kapena wa mita imodzi ya ngalande. Kampani idzati opikisana nayo akaona mitengoyi adzaipitirira pa tenda yotsatira. Mfundoyi si yopanda pake. Komabe maganizo anga ndi akuti ntchito ikasainidwa, mitengo imeneyi iyenera kuoneka, chifukwa kukweza mitengo mwachinyengo kumabisala m'mizere imeneyi, osati pa chiwerengero chachikulu cha kumapeto. Ndipo ngati kampani ina ingadzachite ntchito yomweyo motsika mtengo itaona mitengoyi, opindula ndi anthu a mu Zomba. Akakanitsitsa, musataye zonse: pemphani BOQ yophimbidwa mitengo koma miyezo ikuoneka. Kutalika kwa ngalande, kuchuluka kwa makalavati, kukhuthala kwa konkire, zimenezi zokha n'zokwanira kuti mupite pamalopo ndi tepi.

Chachitatu, funsani kuti kampani ivulala bwanji. Sikokwanira kungotchula mawu oti chinsinsi. Ofesi iyenera kusonyeza vuto lenileni limene lingabwere chikalata chikatuluka, ndiponso kuti vutolo likuposa phindu limene anthu angapeze podziwa. Udindo wosonyeza zimenezi ndi wa wokanayo, osati wanu. M'kalata yanu yoyankha, fotokozani phindu la anthu m'mawu ooneka ndi maso: madzi amene amalowa m'nyumba mvula ikagwa, ana amene amawoloka pamalo oopsa popita ku sukulu, zinyalala zimene zimatha masiku zili pamsika kolera ili pafupi.

Chachinayi, akakuonetsani ndime ya m'kontrakiti yoti mbali ziwirizi zisunge chinsinsi, musabwerere m'mbuyo. Mgwirizano wa khonsolo ndi kampani sungafafanize lamulo lopangidwa ndi Nyumba ya Malamulo. Ofesi ya boma singagulitse ufulu wanu posainirana ndi munthu wina.

Pomaliza pa sitepe iyi, kumbukirani kuti lamulo la ATI silikhudza maofesi a boma okha. Limafikanso ku mabungwe ndi makampani amene amayendetsedwa ndi ndalama za boma kapena amagwira ntchito yotumikira anthu m'malo mwa boma, pa mbali ya ntchitoyo. Choncho khonsolo ikati zolemba za maulendo a galimoto ya zinyalala zili ku kampani, mukhoza kuilembera kampaniyo kalata ngati yomweyi.

8. Kadandauleni motsatira makwerero

Yambani mkati momwemo. Lembani kwa mkulu wa khonsolo kupempha kuti aunikenso chigamulocho, muphatikize kope lodindidwa, kalata yokumbutsa ndi yankho lokana ngati lilipo. Chitani izi sabata yomweyo, chifukwa madandaulo ali ndi nthawi yake yoikika.

Zikakanika apo, pitani ku MHRC. Likulu lawo lili ku Lilongwe ndipo ali ndi ofesi ku Blantyre. Atumizireni makope a zonse, atasanjidwa motsatira masiku, ndi tsamba limodzi lofotokoza nkhani mwachidule. Musatumize zikalata zenizenizo, zisungeni. Khoti ndi khwerero lomaliza. Ku Zomba kuli Khoti Lalikulu, kulinso ofesi ya Legal Aid Bureau yothandiza amene sangakwanitse kulipira loya.

Pamene mukudikira, gwiritsani ntchito khansala wanu. Misonkhano ya khonsolo yonse imakhala yotseguka kwa anthu, ndipo khansala ali ndi mpata wofunsa funso lanu pamaso pa anzake, yankho n'kulowa m'maminitsi. Mutu umodzi susenza denga: pempho losainidwa ndi komiti ya msika, mpingo kapena gulu la achinyamata limavuta kuligoneka kusiyana ndi la munthu mmodzi. A ofesi ya NICE, bungwe lophunzitsa anthu za ufulu ndi udindo wawo, ndi atolankhani amene amadziwa lamuloli angakuthandizeninso kukonza makalata.

9. Chikalata chikafika, chiwerengeni ndi mapazi

Musathamangire ku Facebook. Khalani pansi anthu atatu kapena anayi, mmodzi akhale mmisiri womanga kapena mphunzitsi, muwerenge tsamba ndi tsamba. Onani kaye ngati masamba ali onse, ngati pali masiginecha a mbali ziwiri ndi tsiku. Kenaka funani ndime izi: ndalama zonse, nthawi ya ntchito, chilango cha tsiku lililonse lochedwa, ndalama zimene khonsolo imagwira kaye mpaka ntchito itaoneka kuti ndi yolimba, zomwe amati retention, ndi nthawi imene kontrakitala ayenera kukonza zowonongeka ndi ndalama zake.

Mukatero pitani pamalopo. Tiyerekeze kuti BOQ ikuti ngalande ya mamita 400 yomangidwa ndi miyala ndi simenti, ndi makalavati 6. Tengani tepi kapena chingwe choyezeratu mamita 10, yezani kuchokera poyambira mpaka pothera, werengani makalavati, jambulani pamene pang'ambika mutaikapo cholembera kuti kukula kwa mng'aluwo kuoneke. Ngati ndi kontrakiti ya zinyalala yoti galimoto izibwera katatu pa sabata, pemphani wogulitsa mmodzi wa pafupi ndi bini kuti azichonga m'kope tsiku lililonse limene yabwera, kwa mwezi wathunthu. Ngati ndi alonda, werengani amene amafika usiku, muyerekeze ndi chiwerengero cha m'kontrakiti.

Mukapeza kusiyana, lemberaninso khonsolo, muipatse mpata wofotokoza. Mwina pali variation imene simunaione, mwina ntchito sinalipiridwe yonse. Kufotokozako kukapanda kumveka, nkhani ya kagulidwe ipite ku PPDA, ya ziphuphu ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB, ya kusayendetsa bwino ntchito ku ofesi ya Ombudsman. Pa ntchito zomanga, onaninso zimene a CoST Malawi, bungwe lolimbikitsa kuti ntchito zomanga za boma zizichitika poyera, amasonkhanitsa pa intaneti zokhudza ntchito za boma, kuti muyerekeze ndi zimene mwapatsidwa.

Zolakwitsa zimene anthu amabwereza

Kufunsa pakamwa n'kumadikira. Popanda kalata yodindidwa masiku 15 aja sanayambe, ngakhale mutapitako kangati.

Kupempha zambiri nthawi imodzi. Kontrakiti imodzi, zikalata zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, n'zokwanira poyamba. Mukafuna makontrakiti onse a zaka zisanu, mwapereka nokha chifukwa chochedwetsera.

Kukana chikalata chophimbidwa. Landirani chimene mwapatsidwa, sainirani kuti mwalandira mbali chabe, kenaka dandaulani za zotsalazo. Ena amakwiya n'kuchisiya pa tebulo, n'kubwerera kunyumba opanda kanthu pamene theka la mayankho linali m'manja mwawo.

Kudalira pepala lotuluka pakhomo la kuseri. Mnzanu wa mu ofesi akakupatsani kope mwamseri, mumamuika pamoto, ndipo tsiku la msonkhano adzangoti n'lachinyengo. Ligwiritseni ntchito podziwa dzina ndi nambala ya chikalata choti mupemphe mwalamulo.

Kutchula munthu kuti wakuba musanamalize kuyeza. Mukhoza kusumiridwa chifukwa choipitsa mbiri, ndipo zolemba pa intaneti zimakhudzidwanso ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security. Nenani zimene chikalata chikunena ndi zimene mwaona: kontrakiti ikuti mamita 400, ife tayeza tapeza ochepera. Ngati chikalata chabwera ndi nambala za foni kapena za banki za anthu zosaphimba, ziphimbeni inuyo musanachigawire ena.

Kuisandutsa nkhani ya chipani. Mukangolowa ndi nsalu ya chipani kapena kupereka zikalata kwa munthu amene akufuna mpando, pempho lanu lidzatchedwa ndale, ndipo anansi amene akanakuthandizani kuyeza ngalande adzayamba kukuzembani.

Kuchedwa. Ambiri amadzuka ntchito itagumuka kale, zaka zitadutsa. Nthawi yabwino yopempha ndi pamene chikwangwani changoimikidwa kumene, kapena ntchito ikadali mkati. Nthawi imeneyo kontrakitala akadali pamalopo, retention ikadali m'manja mwa khonsolo, ndipo chimene chalakwika akhoza kuuzidwa kuti agumule amangenso ndi ndalama zake.